Kope la Ndege za Nkhondo: Kodi Mphunzitsi Alande Kapena Aŵerenge?

Pa ulendo wathu woyendera ophunzira a pa koleji amene ali m'sukulu kuyesera ntchito ya uphunzitsi, tidafika pa sukulu ina ya m'dera la Khombedza, kufupi ndi mseu waukulu wochokera ku Salima kunka ku Nkhotakota. Udali mwezi wa Okutobala, dzuŵa likuswa mtengo. Tisanakhale nkomwe pansi, wophunzira wathu adatulutsa kope m'chikwama natipatsa, akuti, "Bambo, taonani zimene ana a kuno akutayira nthaŵi. Ili ndalanda dzulo pa phunziro la Masamu."

Kopelo lidali la mnyamata wa Sitandade 7. Kutsogolo kwake kudali masamu olembedwa mwaulesi, ena osamaliza. Koma masamba anai akumapeto adali ojambulidwa mizere ndi rula, mwaudongo wosiririka. Kumanzere adandandalika maina a ndege: Spitfire, Hurricane, Messerschmitt 109, Zero ndi Il-2. Pamwamba adalemba mitu inai: liŵiro, mfuti, kukhota ndi kulimba. Ndege iliyonse adaipatsa malikisi, kuyambira 1 kulekeza 10, ndipo kumapeto kwa mzere adaonkhetsa popanda cholakwa nchimodzi chomwe. Titafunsa tidamva kuti zonsezi adazitenga m'maseŵero a pa foni ya mkulu wake, amene anyamata amaunjikana kuonerera madzulo pa kagolosale kotchajitsa mafoni. M'maseŵerowo munthu amasankha ndege ya pa Nkhondo Yachiŵiri ya Dziko Lonse, naiulutsa, naomberana ndi adani. Maseŵero akuluakulu a mtundu umenewu ndi a pa kompyuta, monga IL-2 Sturmovik amene adatuluka m'chaka cha 2001, ndi War Thunder. Koma ang'onoang'ono ofanana nao adafika kale m'mafoni a m'midzi mwathu.

Maganizo athu pa nkhaniyi ndi aŵa. Mphunzitsi sadalakwe polanda kope pakati pa phunziro, pakuti nthaŵi ya Masamu ndi ya Masamu. Adalakwa posaliŵerenga. Mwana amene akukanika kumaliza masamu asanu a m'buku, koma mwa yekha nkukhala pansi kusonkhanitsa ziŵerengero, kuziika m'magulu, kuziyerekeza ndi kuzionkhetsa, watiloza khomo loloŵera m'mutu mwake. Ife amene timaphunzitsa pa koleji kuti phunziro liziyambira pa chimene mwana akudziŵa kunka ku chimene sakudziŵa, tisadabwe chodziŵacho chikakhala chosiyana ndi chimene tinkadziŵa ife pa msinkhu wake. Komabe kuŵerenga kopelo sikutanthauza kuvomera zonse zolembedwamo. Muli cholakwa chimodzi chachikulu, chimene sichili m'masamu koma m'maganizo: mnyamatayo akuyesa kuti ndege yopambana zonse ndi imene yaonkhetsa malikisi ambiri, makamaka pa mfuti. Ntchito ya mphunzitsi ili pamenepo.

Tiyambe ndi mfutizo, popeza ndizo zimakopa anyamata. Spitfire yoyamba, imene idamenya nkhondo m'mlengalenga mwa dziko la Britain m'chaka cha 1940, idali ndi mfuti zachiwaya 8, zinai ku phiko lililonse. Mfuti iliyonse inkanyamula zipolopolo 300, ndipo inkalavula zipolopolo pafupifupi 20 pa sekondi imodzi. Mphunzitsi alembe ziŵerengero zitatuzi pa bolodi, afunse ana kuti zipolopolo zonse pamodzi zidali zingati, ndiponso kuti woulutsa ndege akapanikiza chala osachotsa, zikadatha patapita nthaŵi yotani. Yankho loyamba ndi 2,400. Lachiŵiri ndi masekondi 15. Mwana akalipeza yekha yankho lachiŵirili amayamba wakhala chete. Ndege yotchuka chotere inkanyamuka ili ndi moto wa masekondi 15 okha, ndipo motowo ukatha inkasanduka kabaŵi wopanda zikhadabo, woyenera kuthaŵira kwao. Tsono pamakhala mwana wina wofunsa kuti, "Nanga bwanji sadaikemo zipolopolo zambiri?" Sadaikemo chifukwa zipolopolo nzolemera, ndipo phiko la Spitfire lidali lopyapyala, lopanda malo. Funso limeneli likatuluka pakamwa pa mwana, ndiye kuti phunziro la Sayansi layamba kale.

Chimene tifuna kuti ana agwire nchakuti mphamvu iliyonse ya ndege idagulidwa ndi kufooka kwina. Amisiri a ndege sadali opusa kuti ena aiŵale mfuti, ena aiŵale chitsulo chotchinjiriza. Injini inali ndi malire a katundu amene ikadatha kukweza, motero chilichonse choonjezedwa chinkafuna kuti china chichotsedwe.

Ndege ya ku Japan yotchedwa Zero ndiyo imaonetsa bwino zimenezi. Mmisiri wake, Jiro Horikoshi, adauzidwa kuti apange ndege youluka mtunda wautali ndi yokhota msanga, chonsecho injini imene adapatsidwa sinali yamphamvu kwambiri. Adaipepuza pena paliponse. Zero zoyamba zidalibe chitsulo kumbuyo kwa mpando wa woulutsa, ndipo mathanki ake a mafuta adalibe mphira wodzitseka yekha chipolopolo chikaboola. Zotsatira zake zidali ziŵiri. Mu Disembala 1941 ndegezi zidanyamuka pa chilumba cha Formosa, chimene lero ndi Taiwan, nkukamenya nkhondo ku Philippines, mtunda wa makilomita ngati 800, nkubwerera, zimene adani ao sadayembekeze konse. Koma ikangokhudzidwa ndi zipolopolo zoŵerengeka inkayaka ngati udzu wa m'chilimwe. Il-2 ya ku Soviet Union idatsata njira yosiyana. Injini, mafuta ndi woulutsa zidakutidwa m'chigoba chachitsulo, kotero kuti mfuti zing'onozing'ono za pansi sizinkaigwetsa msanga; adazipanga zoposa 36,000. Koma idali yolemera, yochedwa kukwera ndi kukhota, ndipo adani adazindikira kuti nkuidzera kumbuyo, mpaka eni ake adaonjezamo mpando wachiŵiri wa munthu woombera chakumbuyo m'chaka cha 1942. Messerschmitt 109 ya ku Jeremani idali ndi mizinga iŵiri ya mamilimita 20 pamodzi ndi mfuti zachiwaya ziŵiri, ndipo mzinga umodzi ukagunda unkaononga koposa zipolopolo zambiri za Spitfire. Koma mzinga uliwonse udali ndi zipolopolo 60 zokha, ndipo mafuta adali ochepa, moti ikafika pamwamba pa London inkatsala ndi mphindi ngati 10 zomenyera nkhondo isanatembenuke. Miyendo yake idali yoyandikana, ndipo zambiri zidaonongeka potera, popanda mdani.

Mwana wa kunyanja safunikira kumufotokozera zimenezi nthaŵi yaitali. Amadziŵa kuti bwato la mtengo umodzi nlopepuka, limaloŵa m'bango momwe, silimwa petulo, koma mwera ukakalipa mwini wake amakhala pa mtunda. Amadziŵanso kuti boti lamatabwa la injini limanyamula chilimira ndi amuna ochuluka, limapita kutali, koma tsiku limene mafuta asoŵa limagona pa dooko. Mufunseni kuti chabwino nchiti, ndipo iye adzakufunsani kuti mukufuna kukachita chiyani. Yankho lomwelo ndilo tifuna alipereke pa za ndege. Poyesera, ana apinde ndege ziŵiri zamapepala zofanana, ina aimate kadongo pamimba ngati chitsulo chotchinjiriza, aziponye kasanu pabwalo, ayeze mitunda ndi chingwe, apeze avereji. Sipafunika ndalama, ndipo atsikana ndi anyamata amagwira ntchitoyo mofanana.

Pali nkhani ina yaing'ono imene timaikonda, ndipo tipempha aphunzitsi anzathu kuti asaidumphe. Injini ya Merlin, imene idali mu Spitfire ndi mu Hurricane, inkamwera mafuta mu kabuleta, monga zichitira njinga zamoto zambiri za kabaza zimene ana amaziona tsiku ndi tsiku. Woulutsa akagwetsa mphuno ya ndege mwadzidzidzi, mafuta ankakankhikira m'mwamba monga achitira madzi m'ndowa yotsitsidwa mofulumira; injini inkayamba yasoŵa mafuta, kenaka nkusefukira nao, nkutsamwa. Messerschmitt idalibe vuto limeneli chifukwa mafuta ake ankachita kupopedwa kuloŵa mu injini, ndipo Ajeremani akapanikizidwa ankangozyolika nkuthaŵa. Amene adachepetsa vutoli adali mai wina, injiniya wa ku Farnborough, dzina lake Beatrice Shilling. Adapanga kachitsulo kobulungira kokhala ndi kabowo pakati, koloŵetsa mafuta okwanira okha, ndipo kumayambiriro kwa 1941 iye ndi anzake adayendera mabwalo a ndege kukaika kachitsuloko. M'kalasi imene anyamata akuyesa kuti nkhani ya ndege ndi yao yokha, dzina la maiyu liyenera kulembedwa pa bolodi ndi zilembo zazikulu.

Mphunzitsi achenjerenso ndi ziŵerengero za m'maseŵero. Tidapeza kuti mnyamata uja adakanganapo ndi mnzake, wina akuti Spitfire ili ndi mfuti 8, wina akuti ili ndi mizinga iŵiri ndi mfuti zinai. Onse aŵiri ankanena zoona: woyamba ankanena za ndege ya 1940, wachiŵiri za mtundu wina umene udatuluka mu 1941. Dzina limodzi lidavala matupi ambiri. Kuonjezera apo, opanga maseŵero ndi anthu amalonda. Ena amayesetsa kutsata zoona, koma onse amafuna kuti mbali ziŵiri zikhale zolingana, kuti woseŵera asagwe ulesi. Nkhondo yeniyeni sidalinganize kanthu. Mwana aphunzire kufunsa kuti chiŵerengero ichi nchachaka chiti, wachinena ndani, ndipo akufuna chiyani pochinena. Hurricane, imene m'kope muja idalandira malikisi ochepa, idagwetsa ndege za adani zambiri kuposa Spitfire m'nkhondo ya 1940 ija. Idali yochedwerapo, koma zidalipo zochuluka, ndipo popeza thupi lake chakumchira lidali lokutidwa ndi nsalu, amakanika ankaikonza msanga pabwalo pomwepo. Mutu wakuti "kukonzeka msanga" mudalibe m'kopemo.

Tsopano tifike pa chimene chidatikhudza koposa. Pa ndege zisanu zimene mnyamata adalemba, padalibe imene idadyetsa agogo ake. Ana ambiri a m'boma la Salima amaŵaona asilikali, popeza sukulu ya asilikali ya MAFCO ili m'boma lomwelo, ndipo mganda umene amavina udatengera perete wa asilikali akale. Koma ndi oŵerengeka amene amadziŵa kuti nkhondo imene akuseŵera pa foni idatenga amuna zikwizikwi a dziko lino, amene adalembedwa m'gulu la King's African Rifles, lija makolo ankalitchula kuti Keyala. Anthu athuwo ndege adazidziŵira pansi. Mu Ogasiti 1940, pa Tug Argan m'dziko la Somaliland, asilikali a ku Nyasaland adali m'gulu limene ndege za Ataliyana zinkaponyera mabomba. M'maseŵero, anthu apansi amaoneka ngati timadontho topatsa malikisi. Mphunzitsi aŵauze ana kuti ena mwa timadonthoto ankayankhula Chinyanja, Chiyao ndi Chitonga.

M'chaka cha 1944 asilikali a ku Nyasaland adali ku Burma, dziko limene lero litchedwa Myanmar, m'gulu lalikulu la 11th East African Division, pansi pa mkulu wankhondo William Slim. Kuyambira mu Ogasiti adapatsidwa ntchito yopirikitsa Ajapani kutsika m'chigwa cha Kabaw, pakati pa dzinja la kumeneko, pamene mvula imagwa masiku osaleka. Chigwacho chidali chotchuka ndi malungo ndi matenda ena a m'tchire. Mseu udasanduka phala, magalimoto adatitimira, ndipo gulu la anthu ochuluka chotere silikadatha kusenza chakudya cha miyezi. Chimene chidaŵasunga ndi moyo chidali ndege ya injini ziŵiri yotchedwa Dakota, yopangidwa ndi kampani ya Douglas ku America kuchokera ku ndege yonyamula anthu ya DC-3, imene idauluka koyamba mu 1935. Dakota idalibe mfuti ngakhale imodzi. Liŵiro lake la paulendo lidali makilomita ngati 260 pa ola, pamene Spitfire inkapitirira 550. Pa kukhota ndi pa kulimba, mnyamata wathu akadaipatsa 1 kapena 2. Koma inkanyamula asilikali 28, kapena katundu wa makilogalamu ngati 2,700, amene mwana wa Sitandade 7 angathe kumuŵerengera kuti ndi matumba 54 a makilogalamu 50.

Kaponyedwe ka katunduyo nkoyenera kukafotokoza bwino m'kalasi, chifukwa ana amamvetsera. Asilikali apansi ankalambula malo m'nkhalango nkuika zizindikiro. Ndege inkatsika pafupi ndi mitengo, nkuchepetsa liŵiro, nkumazungulira kangapo, ndipo pa kuzungulira kulikonse amuna oima pa khomo lotsekula ankakankhira kunja mitolo. Zipolopolo, mankhwala ndi zina zosachedwa kusweka zinkatsika ndi parachuti. Mpunga ndi zina zotero nthaŵi zambiri ankangoziponya m'matumba ophatikiza, popanda parachuti, ndipo munthu wosachenjera pansipo akadatha kuphedwa ndi chakudya chake chomwe. Maparachuti atachepa, Slim adapempha amalonda a ku Calcutta kuti asoke ena ndi chiguduli, chomwechi timasungiramo mbeu, ndipo adagwira ntchito ngakhale kuti sadafike pa enieni. Oulutsa ankalimbana ndi mitambo yoopsa ya m'dzinja imene inkatha kuthyola ndege. Odwala ndi ovulala ena ankaŵatulutsa ndi tindege tating'ono totera pa kabwalo kafupi, tomwenso tidalibe mfuti. Mwa njira imeneyi gululo lidafika pa mtsinje wa Chindwin, nkulanda Kalewa pa 2 Disembala 1944.

Sitikunena kuti ndege za mfuti zidali zopanda pake. Dakota youluka pansipansi ndi pang'onopang'ono idali nyama yosavuta kwa ndege ya Ajapani yotchedwa Nakajima Ki-43, imene ndiyo inkaoneka kaŵirikaŵiri ku Burma, osati Zero ai. Chimene chidatsekula njira nchakuti kumapeto kwa 1943 ma Spitfire adafika ku dera limenelo, ndipo m'miyezi yotsatira adachepetsa mphamvu za Ajapani m'mlengalenga. Choncho Spitfire imene mnyamata amaikonda ili ndi malo ake m'nkhaniyi, koma malo ake ndi a mlonda woyenda patsogolo pa wosenza katundu. Mwana akamvetsa zimenezi, waona kuti ndege sizipikisana pa mzere umodzi ngati ana pa mayeso, ndipo kuonkhetsa malikisi kumapeto kwa mzere kulibe tanthauzo. Adzamvetsanso chifukwa chake mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atadula miseu m'chigawo chakumwera, anthu ankayang'ana kumwamba kudikira helikopita zonyamula ufa ndi mankhwala, zina mwa izo zochokera ku Tanzania.

Tikudziŵa kuti aphunzitsi ena sagwirizana nafe, ndipo mau ao ngomveka. Akuti kubweretsa za mfuti m'kalasi nkukometsera nkhondo pamaso pa ana. Mantha ameneŵa sitiŵapeputsa. M'maseŵero, woulutsa akagwetsedwa amadina batani nkupatsidwa ndege ina. Mnyamata wa zaka 20 amene adapsera mu Hurricane sadapatsidwe ina. Koma tifunse kuti mwanayo adzamva kuti zimenezi ngati mphunzitsi wakhala chete. Foni siidzamuuza. Kulanda kope sikuchotsa maseŵero pa kagolosale paja. Kumangochotsa munthu wamkulu pa zokambirana za ana. Ena akuti si ana onse amene adaonapo maseŵeroŵa, ndipo nzoona. Nchifukwa chake phunziro lisafune foni konse, likhale la bolodi, pepala ndi chingwe. Enanso akuti silabasi njodzaza kale ndipo mayeso a Sitandade 8 sadikira. Ife sitikupempha phunziro latsopano. Kuchulukitsa, kugaŵa, avereji, kulemera kwa zinthu, kuŵerenga mapu ndi mbiri ya dziko lathu zili m'silabasi kale. Tikungosintha nkhuni, mphika ndi womwewo. Chokhacho chimene tingavomere nchakuti mphunzitsi wosakonzekera asayambe nkhaniyi, pakuti ana ena amadziŵa maina a ndege kumuposa, ndipo akamugwira bodza kamodzi sadzamukhulupiriranso pa za Kabaw.

Ntchito yakunyumba ikhale yofunsa. Asilikali a Keyala a nkhondo imeneyo pafupifupi onse adatisiya, koma m'mabanja ena mudakali mendulo, chithunzi, kapena nkhani imene agogo ankasimba pa moto. Ana akafunse kwa akuluakulu mwaulemu kuti kodi pa mtundu pao padali wopita ku nkhondo ya Hitler, adapita dziko liti, ndipo adabwerako kapena ai. Mphunzitsi alandire zimene ana abweretsa monga momwe zilili, osaonjezera zokometsera, ndipo mwana amene kwao kulibe nkhani yotere asachititsidwe manyazi.

Tidamupempha wophunzira wathu kuti abweze kope lija kwa mwini wake, ndi kukonza phunziro limodzi pa zimene takambazi. Adavomera, ngakhale nkhope yake sidaonetse kukondwa. Titabwereranso patapita masabata atatu tidakhala kumbuyo kwa kalasi. Masamu a zipolopolo adayenda bwino. Ndege zamapepala zidadya nthaŵi yambiri kuposa imene adalemba m'chikonzero, chifukwa mphepo yochokera kunyanja inkazibweza, ndipo tidamulembera kuti tsiku lina adzayesere m'kalasi momwemo. Nkhani ya Burma adaifotokoza mothamanga, mapu osaonetsa, ndipo pamenepo tidamuchotsera malikisi. Chakumapeto mnyamata uja adaimika dzanja nati, "Aphunzitsi, Dakota ndailemba m'munsimu, koma ikungopeza 5 pa mitu yonse inai. Ndiiike pati?" Mphunzitsi adamuuza kuti ajambule mzere wachisanu, nafunsa kalasi kuti mutu wake ukhale wotani. Ena adati "katundu", mtsikana wina adati "anthu odyetsedwa", ndipo wina kumbuyo adati ngati nchoncho Spitfire ipeza 0 pamenepo, zimene anyamata akutsogolo adakana kwamtuwagalu. Belu lidalira asanagwirizane, ndipo mphunzitsi adaŵauza kuti aliyense abwere ndi mutu wake Lolemba, pamodzi ndi chifukwa chake cholembedwa m'ziganizo zitatu.